Anyamata a ku mapulojekiti

Filimu ija ndinaizindikira ndili m'kolido, ndisanavule n'komwe jekete. Linali Loweruka masana, ndikuchokera kuntchito kuchipatala cha ku Govan kumene ndimakankha odwala pa mabedi a matayala, ndipo kamvula ka kuno kaja, kosadziwa kugwa kapena kuleka, kanali katandinyowetsa mpaka m'masokosi. Kuchipinda kwa mwana wanga kunamveka galimoto ikuima mwadzidzidzi, kenako galu kuuwa, kenako mnyamata akuseka cham'mphuno. Ndinaima chilili. Ndinadziwa kuti kuseka kumeneko kukatha, botolo lisweka. Linaswekadi.

Mwanayo ndi mmodzi yekha amene tili naye, wobadwira konkuno ku Glasgow, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinalowa osagogoda. Anali atagona chafufumimba pabedi, laputopu pa pilo, ndipo pa sikirini panali anyamata akuda atatu atakhala pa masitepe a nyumba yosanja, wina akubisa mfuti m'chiuno. Ndinatseka laputopuyo ndi dzanja limodzi.

"M'nyumba mwanga muno, zinthu izi ayi."

Anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno chija, chimene mpaka lero ndimachita kuchitcherera khutu ngati wayilesi ya mabatire akutha. Amanditchula kuti "Da", ngati liwulo linamuthera panjira.

"Simunaionepo n'komwe, Da. Mukuletsa chinthu chimene simukuchidziwa."

Ine amene! Filimu imeneyo ndinaionera kuposa amene anaijambula. Ndinangoti, "Ndanena, ndanena," n'kutuluka ndi laputopu kukhwapa.

Chimene mwana wanga sankadziwa n'chakuti bambo ake, mkulu wa mpingo wovala tayi Lamlungu lililonse, anali womasulira mafilimu pa vidiyo ina ku Ndirande.

Folomu 4 sinandiyendere, masamu anandigwetsa chagada. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinali ndi pakamwa, komanso ka Chingerezi kamene aphunzitsi ankandiyamikira. Ndiye bambo wina wa kamimba, amene anabwera ku Joni ndi deki, sikirini ndi katoni ya matepi, ananditenga. Vidiyo yake inali chisakasa cha malata akale, mipata yonse yotsekedwa ndi masaka a feteleza kuti osalipira asasuzumire. Mabenchi anali a matabwa osapala, oluma. Ana ankakhala pansi kutsogolo, ena atapinda mayunifolomu m'majumbo kuti asadziwike kuti athawa kusukulu. Mukati munkanunkha thukuta, chimanga chootcha ndi makoko a nzimbe, ndipo jenereta ikazima aliyense ankatukwana mwini wake mogwirizana ngati kwaya.

Ntchito yanga inali kuima pambali pa sikirini, kuchepetsa voliyumu, n'kumalankhula m'malo mwa anthu onse a m'filimu: amuna, akazi, apolisi, nthawi zina ndi agalu omwe. Za karate zinali zosavuta. Wamenya, wagwa, wadzuka, wakaphunzira kwa nkhalamba kuphiri, wabwezera. Zankhondo chimodzimodzi. Kenako kunabwera matepi ena a ku America, ndipo amenewo anagwedeza Ndirande. Onse a m'kati mwake anali akuda ngati ife. Munthu wakuda akuyendetsa galimoto yopanda denga, tcheni cha golide m'khosi, osati akutsegulira mzungu geti. Tikalemba pabolodi kuti lero kuli ya anyamata aja, anthu ankadzaza mpaka ena kuimirira.

Vuto linali Chingerezi chawo. Sichinali chimene tinaphunzira m'kalasi. Ankalankhula ngati akutafuna chingamu, ndipo pa mawu asanu ndinkatolapo limodzi. Koma panali liwu lina limene linkamveka bwino nthawi zonse, ndipo ndinalikumbatira ngati m'bale wanga: mapulojekiti. Anyamata aja ankangoti amachokera ku mapulojekiti, anakulira ku mapulojekiti, afera ku mapulojekiti.

Tsono kwathu masiku amenewo, ndani sankadziwa pulojekiti? Matipate ambiri anali atangobwera kumene, ndipo mabungwe anali mbwee. Munthu wa pulojekiti ankayenda pagalimoto yoyera ya mlongoti wautali, ankagona kuhotela, ankalandira alawansi chifukwa chokhala pampando n'kumwa tiyi. Mtsikana akapeza mwamuna wa pulojekiti, makolo sankafunsanso za mtundu wake. Ndiye nditaona matcheni, magalimoto ndi nyumba zosanja zija, nkhani yonse inalongosoka m'mutu mwanga. Ndinauza anthu kuti awa ndi ogwira ntchito pa pulojekiti ya zitsime. Nyumba zosanjazo ndi za ogwira ntchito. Timapaketi ta ufa woyera timene ankapatsirana mobisa tija ndi kolorini wothira m'zitsime, woba kusitolo ya ofesi. Akuwomberana chifukwa abwana adya okha maalawansi.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakayikira. Azibambo ankapukusa mitu n'kumati, "Za pulojekiti zimaphetsa." Ine ndemwe ndinkakhulupirira bodza langalo ndi mtima wonse, moti silinali bodza, kunali kusadziwa kovala suti. Ndikamadutsa pamsika, ogulitsa makala ankakuwa kuti, "Kolorini uja ali kuti?" ndipo ndinkayenda mapewa m'mwamba. Mtsikana amene anadzakhala mkazi wanga, amene ankaphunzira unamwino, sakanalowa m'malo otero chifukwa cha bambo ake, koma anandiuza pambuyo pake kuti ankachedwa dala kuseri kwa masaka aja kuti amve mawu anga.

Ndimawasowa masiku amenewo, ndisaname. Sindinakhaleponso munthu wofunika chotero. Anthu odzaza chisakasa ankapuma pamene ine ndapuma, kuseka pamene ine ndafuna. Kuno ndimakankha bedi kuchokera kuwodi kupita ku ekiselo, ndipo wodwala akafika sakumbukira ngakhale nkhope yanga.

Mkazi wanga ndi amene anatsogola kubwera ku Glasgow, atapeza ntchito ya unamwino. Ine ndinatsatira patatha chaka. Ndisananyamuke anandiimbira foni n'kunena kuti, "Atipatsa nyumba kusikimu, dera lake amati Maryhill." Ine sikimu imene ndinkaidziwa ndi ya mpunga, monga ya ku Domasi: madzi m'ngalande, achule, anthu akuwokera mbande. Ndinakauza mayi anga kuti kumene ndikupitako mpunga sitidzagula. Mayi anayamika Mulungu.

Takisi inandisiya pansi pa chinyumba chachitali mpaka khosi kuwawa. Mpunga kunalibe. Koma nditakweza maso ndinaseka mokweza mpaka woyendetsa takisi anacheuka. Inali nyumba ya m'filimu! Mawindo ang'onoang'ono ofanana, makhonde achitsulo, bwalo la simenti pansi. Tsiku lomwelo ndinajambulitsa chithunzi nditaima kutsogolo kwake, dzanja m'thumba, n'kuchitumiza kwathu. Ndinamva kuti chinazungulira Ndirande yonse, anthu akuti mwana uja wapezadi pulojekiti.

Sabata imodzi inakwana kundiphunzitsa. Tinkakhala pa nsanjika ya khumi ndi chinayi, ndipo chikepe chinkanunkha mkodzo, chikatopa n'kumafa osatsanzika. Pamasitepe ndinkapeza majakisoni otayidwa. Anyamata achizungu, otuwa, ovala majuzi a zipewa, ankakhala pakhomo tsiku lonse, kakhalidwe komwe kaja ka m'filimu, miyendo tang'a, maso kuyang'ana aliyense wolowa. Tsiku lina chikepe chitafa ndinathandiza gogo wina wachizungu, woyandikana nafe, kunyamula majumbo ake. Tikupumira pa nsanjika yachisanu ndi chitatu ndinamuuza, mwaulemu wanga, kuti ali ndi mwayi kukhala m'nyumba yapamwamba chonchi. Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati wakhala akupempha kuti amusamutse kuyambira mwamuna wake ali moyo. Anati kusikimu amaikako anthu amene alibe kwina kopita.

Ndinafika m'nyumba n'kuima pawindo. Pansi, anyamata aja ankapatsirana kanthu m'manja. Pamenepo matepi onse a bambo wa kamimba uja anabwerera m'mutu mwanga, imodzi imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva. Kunalibe zitsime. Kunalibe abwana. Anali ana a amphawi, ounjikidwa m'mwamba, akuphana chifukwa cha zinthu zimene zinkawaphanso. Nditamuuza mkazi wanga anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo ine ndinaseka naye. Tinaseka miyezi ingapo.

Kuseka kunatha tsiku limene anandipatsira mwana m'manja kuchipatala. Wamwamuna, wakuda, wopita kukakulira m'nyumba yosanja. Mathero a nkhani yotero ndinkawadziwa pamtima, ndinali nditawaimirira pambali kambirimbiri. Mantha anandilowa tsiku limenelo ndipo sanatulukenso.

Tinavutika mpaka tinasamukira m'kanyumba kena kapansi, kufupi ndi ngalande ya maboti, m'Maryhill momwemo. Ndinalimbikira kutchalitchi mpaka anandisankha ukulu wa mpingo. Za vidiyo ndinazikwirira, ndipo mkazi wanga ndinamulumbiritsa. Mwanayo ndinamulera ndi malamulo. Juzi ya chipewa ayi. Kuima pakhomo pa sitolo ayi. Ukaweruka kusukulu, molunjika kunyumba. Mnzako aliyense ndimudziwe bambo ake. Ali wamng'ono ankanditsata paliponse, akuyankhula Chichewa chake chopindika, koma m'mene ankakula mawu ake kwa ine ankachepa, mpaka anatsala awiri: inde wa kuno uja amati "ayi", amene poyamba ankandisokoneza mutu, ndi kukweza mapewa.

Nditamulanda laputopu, ngakhale awiriwo anatha. Mayi ake anam'bwezera patapita masiku atatu chifukwa cha ntchito za kusukulu, koma sizinasinthe kanthu. Ankadyera kuchipinda. Tikakumana m'kolido ankadzipanikiza kukhoma kuti ndidutse, ngati munthu wa lendi. Mayi ake anandiuza kuti wanena kuti akangomaliza sukulu achoka, ndipo sadzabweranso kudzagona. Ndinayankha mwaukali kuti apite, aone ngati kunja kuli bambo wina. Koma mumtima ndinazizidwa. Zaka zonsezi ndinkalondera pakhomo kuti msewu usanditengere mwana, osadziwa kuti ndikumutaya m'nyumba momwemo.

Zinakhala choncho masabata atatu. Lamlungu lina, pa mapemphero a masana amene Amalawi timakumana patokha, ndinaima kutsogolo kuwerenga zolengeza monga mwa nthawi zonse: tsiku la amayi, za maliro a kwathu, amene waimika galimoto potsekereza ena. Titatuluka kukamwa tiyi m'holo, bambo wina wachilendo, amene anali atangofika kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, anandiyandikira akundiyang'anitsitsa.

"Madala, pepani, mwaswera bwanji? Ine voisi yanuyi ikundivutitsa kuyambira muja munayamba ma anaunsimenti. Simunakhaleko ku Ndirande inu?"

"Ndirande ndi yaikulu, achimwene," ndinatero, ndikuyang'ana kumene ndingathawire.

Koma munthu uja anali ataika kale kapu pansi. Anapinda khosi, n'kutulutsa mawu a m'mphuno, anga enieni a zaka zija:

"Aphwanga, kolorini uja ali kuti? Abwana akufuna lipoti pofika Fraide!"

Kenako anawomba m'manja. "Ndi inuyo! Madala, ine ndinabwereza Sitandade 7 chifukwa cha inu!"

Holo yonse inatembenuka. Amayi a chigwirizano anayamba kufunsana, wina wa ku Bangwe anakuwa kuti nayenso anamvapo za munthu ameneyu, ndipo posakhalitsa anthu ankaseka ogwira m'mimba. Ine thukuta kamukamu m'kati mwa tayi. Pamene ndinatembenuka ndinaona mwana wanga ali poteropo, bisiketi m'manja. Chichewa amamva, kuyankha ndiye kumamuvuta. Anapita kwa mlendo uja n'kumufunsa m'Chingerezi kuti akunena chiyani, ndipo mlendoyo, pokhala munthu wopanda mabuleki, anamufotokozera zonse: chisakasa, zitsime, maalawansi, mpaka mmene ndinkalirira ngati galu. Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ameneyu anandimeta mpala pagulu.

Tinabwerera pa basi. Mkazi wanga ankayang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka. Titafika kunyumba ndinakhala patebulo ndisanavule nsapato, ndikudikira kuti mwana andifunse chifukwa chimene ndinamunamizira. Iye analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi laputopu. Anaiika patsogolo panga, anatsegula filimu yomwe ija, anazimitsa mawu, n'kukoka mpando.

"Yambani," anatero. Liwu limeneli analinena m'Chichewa.

"Iwe, lero ndi Sabata."

Mayi ake anayedzamira chitseko cha kukhitchini, manja m'chiuno. "Musachite manyazi, akulu a mpingo. Ku holo kuja ulemu watha kale."

Ndinayamba mouma, ngati munthu wowerenga kalata ya eni ake. Koma galimoto ija itaima, galu n'kuuwa, china chake chinamasuka pakhosi. Ndinapezeka ndaimirira pambali pa tebulo, chifukwa ntchito imeneyi sigwirika chokhala. Mawu onse anali pomwepo, sanapite kulikonse. Wamtali uja anakhalanso kalaliki wa pulojekiti, wonenepa uja dalaivala amene amaba dizilo, apolisi anakhala ma odita ochokera ku Lilongwe. Mwana wanga anayamba ndi kumwetulira kobisa, kenako anaphulika. Anaseka mpaka kumenya tebulo, misozi mbwembwembwe, akundiimitsa kuti ndibwereze. Ena mwa mawu sankawamva, n'kumafunsa mayi ake, iwo n'kumamasulira zomasulira zanga. Ndinali ndisanamve kuseka kwake kwa zaka. Kunali kutasintha, kunali kwa munthu wamkulu, ndipo ndinamva chisoni kuti kunasinthira ine kulibe.

Tinafika kumapeto. Mnyamata wamkulu wa m'filimuyo, amene ankafuna kusiya zonse n'kuchoka, akutsika masitepe ndi chikwama. Wina akumudikira pansi. Kenako ali gone pa simenti, mayi ake akutsika akuthamanga opanda nsapato, n'kumunyamula mutu. Pamenepo ndinasiya kumasulira. Mwana wanga anaimitsa filimu.

"Apa munkati chiyani?"

"Ndinkati wangokomoka. Ndinkati amutengera kuchipatala, tidzamuona mu pati thu."

"Chifukwa chiyani? Apa ndiye simukanalakwitsa, zikuoneka."

Zoona, apa sindinkalakwitsa. Ndinamuuza kuti msewu umene kunali vidiyo yathu unalinso wa okhoma mabokosi a maliro, ndipo zaka zimenezo sankapuma. Ana okhala kutsogolo aja, ambiri anali ataika kale mayi kapena bambo. Sankathawa kusukulu kuti adzaonenso maliro ena. Ndiye ndinkawanamiza, iwo n'kumadziwa kuti ndikunama, tonse n'kutuluka tikuseka.

Kenako anabweza filimu pang'ono, n'kutsegula mawu.

"Nenani zimene mayiyo akunenadi."

Tsopano Chingerezi chimenecho ndimachimva, Glasgow inandisula makutu. Ndinamvetsera, n'kumasulira monga chinalili, mawu anga enieni, opanda m'mphuno.

"Ndinamuuza kuti asatuluke. Tsiku lililonse ndinkamuuza kuti asatuluke."

"Ndi zomwe mumanena inuyo," anatero mwana wanga, osandiyang'ana. "Koma ndimatuluka, Da. Ndimapita kusukulu, mumandituma kusitolo. Simunandifunsepo zimene zimachitika ndikatuluka."

Anandiuza kuti sayang'ana mafilimu amenewa chifukwa cha mfuti. Anati ndi okhawo amene amaonetsa mnyamata wonga iye akulowa m'sitolo, mlonda n'kunyamuka kumutsata. Anati zimamuchitikira m'sitolo yaikulu imene timagulamo zinthu sabata iliyonse, ndipo sanandiuze chifukwa ankadziwa yankho langa: wavala chiyani, unayenda bwanji, unali ndi ndani.

Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Mwina umangoganiza. Ine ndimalowamo nthawi zonse, palibe amanditsata."

Sanakwiye. Anangotseka laputopu n'kunena kuti, "Loweruka tipite. Inu mukhale kumbuyo, ngati simukundidziwa."

Loweruka m'mawa mayi ake anatilembera zogula: mkaka, anyezi, sopo wochapira, mafuta ophikira. Tinayenda wapansi, iye patsogolo, ine kumbuyo mapazi ngati makumi awiri. Anali atavala bwinobwino, malaya a kolala amene ndinamugulira ndekha, manja kunja kwa matumba monga ndinamuphunzitsira. Analowa, anatenga basiketi. Mlonda anali atakhala pa kampando pafupi ndi khomo, akuyang'ana pafoni. Anadutsa mayi wa ngolo ya mwana, sanadzutse mutu. Anadutsa anyamata awiri achizungu akukankhana, sanadzutse mutu. Atadutsa mwana wanga, anaika foni m'thumba n'kuimirira.

Ine ndinalowa ndi imvi zanga, palibe anandiona. Ndinawatsata. Mwana wanga anaima pa mkaka, mlonda anaima pa tchizi n'kumawerenga paketi. Mwana anapita ku anyezi, mlonda anakakonza mulu wa mbatata umene unali wokonzeka kale. Tinayenda choncho atatu, mondondozana, pakati pa mashelefu. Chimene chinandipweteka kwambiri sichinali mlondayo. Unali msana wa mwana wanga. Ankayenda mowongoka mopitirira muyeso, chilichonse chimene watenga n'kuchikweza m'mwamba kuti chioneke chisanalowe m'basiketi. Zinkaoneka kuti anazolowera, anali katswiri.

Pa sopo sindinathenso kupirira. Ndinamugwira mlonda paphewa. Atatembenuka ndinamuyang'anitsitsa: munthu wakuda ngati ine, wa msinkhu wanga, ndevu za imvi, maso ofiira ndi tulo. Kalankhulidwe kake kanali ka kumadzulo kwa Africa. Ukali umene ndinakonza unasowa pogwira.

"Ameneyo ndi mwana wanga," ndinatero m'Chingerezi.

Anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine, kenako anayang'ana pansi. Anati amangochita zimene anauzidwa, ndipo amene amayang'ana pa makamera amamufunsa akapanda kunyamuka. Anati nayenso ali ndi anyamata awiri kunyumba. Anabwerera ku kampando kake akukoka miyendo.

Tinalipira, tinatuluka. Ndinanyamula jumbo ndekha, ndipo tinaima panja pafupi ndi pamene amasungira matilole.

"Zinayamba liti?" ndinafunsa.

"Ndili ndi zaka thwelofu. Tsiku loyamba limene munandituma ndekha."

Ndinalikumbuka tsikulo. Ndinamupatsa ndalama ya buledi n'kumuuza kuti wakula tsopano, ndipo atabwera ndinamukalipira kuti wachedwa. Zaka zinayi mwana wanga ankayenda ndi munthu kumbuyo kwake, ndipo munthuyo sanali ine.

Bambo anga anamwalira osanenapo pepani kwa mwana, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi mmene bambo amakhalira. Liwulo linatuluka movuta, ngati ndikulavula munga wa nsomba.

"Pepa, mwana wanga."

Anayang'ana kumbali. Kenako anatambasula manja onse awiri, n'kulandira jumbo ija m'manja mwanga, bondo litapindika pang'ono. Basi yodutsa kwathu inafika pasiteji ya pomwepo, inatsegula zitseko, inatseka, inapita. Ife tinauyamba wapansi, phewa ndi phewa, ndipo anayamba kundiuza za tsiku loyamba lija.